Zikopa za msilikali wa 1914 mpaka 1918: zakuda, zabulauni, kapena zosapaka kanthu?

Chiwaya14:
Akuluakulu, moni nonse. Funso ili likubwerabwera kwa amene akukonzekera zionetsero zoyerekeza asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye ndati tilikambirane pamodzi kuti mayankho akhale malo amodzi. Ogulitsa zovala zoyerekeza amagulitsa lamba mmodzimodziyo m'mitundu itatu: wakuda, wabulauni, ndi wosapaka kanthu. Munthu wofuna kuvala ngati msilikali wa Germany, France kapena Britain asankhe uti? Nanga akagula wosapaka kanthuyo, amufikitsa bwanji pa mtundu woyenera popanda kumuwononga?

Mphunzitsi wa Mbiri:
Zikomo achimwene poyambitsa nkhaniyi. Musanatulutse ndalama yankhani kaye izi: msilikali wanuyo ndi wa dziko liti, wa gulu liti, wa chaka chiti, ndipo ndi msilikali wamba kapena ofesala. Chaka ndi chimene anthu ambiri amachinyalanyaza, chonsecho ndi chimene chimasintha zonse.

Tiyambe ndi Germany. Msilikali woyenda pansi amene analowa m'dziko la Belgium mu Ogasiti 1914 zikopa zake zinali zosadetsa. Jombo zazitali zija za mtundu wa 1866 zinali za chikopa chosapaka utoto, mbali ya mnofu ili kunja, zongomwetsedwa mafuta. Lamba wa 1895, wa masentimita 4.5 m'lifupi, anali wabulauni. Matumba a zipolopolo a 1909 anali awiri, lililonse la zipinda zitatu, lonyamula zipolopolo 60, ndipo chikopa chake chinali chabulauni chokhakhala timadonthomadontho pamwamba. Chokolekamo bayoneti chimodzimodzi. Chikopa chakuda chinali pa chipewa cha nsonga chija, Pickelhaube, koma nachonso kunkhondo chinkavekedwa kansalu.

Mu Seputembala 1915 kunatuluka lamulo lobweretsa malaya atsopano otchedwa Bluse, ndipo zikopa zinayenera kudetsedwa. Choncho wa ku Marne mu 1914 ndi wabulauni. Wa ku Verdun kapena ku Somme mu 1916 akhale wakuda.

A ku France anachita mosemphana. Iwo analowa nkhondo ndi mathalauza ofiira ndi zikopa zakuda: lamba, matumba atatu a zipolopolo za mfuti ya Lebel, awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, ndi malamba a paphewa. Kuyambira kumapeto kwa 1914 kulowa 1915, nthawi imene yunifolomu yatsopano yamtambo motuwa inkabwera, anayamba kulandira zikopa zosadetsa zimene iwo amati fauve. Zakuda zakale sizinatayidwe, anapitiriza kuzigwiritsa ntchito mpaka zitatha. Ndiye m'chaka chimodzimodzicho wina akudetsa, wina akusiya kudetsa. Amene amati "zikopa za nkhondo yoyamba zinali zabulauni" kapena "zinali zakuda" sanayankhe kanthu.

Kapolo wa Mzere:
Aphunzitsi, pamenepo pandivuta. Zithunzi zambiri za asilikali a Germany za mu 1914 zimaonetsa jombo ndi matumba zakuda bii. Maso akunama?

Mayi wa Zithunzi:
Maso sakunama achimwene, koma filimu ndi imene ikukusokeretsani. Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zinajambulidwa pa magalasi kapena filimu yotchedwa orthochromatic. Filimu imeneyi siona kuwala kofiira. Chilichonse chofiira kapena chofiirira chimatuluka chakuda, pomwe chamtambo chimatuluka choyererako. Chikopa chabulauni chili ndi kufiira kwambiri mkati mwake, ndiye pa chithunzi chotere chimada ngati chopaka polishi wakuda. Mukafuna umboni, onani mathalauza ofiira a asilikali a France pa zithunzi za 1914: amaoneka akuda kuposa jekete lawo.

Pa chithunzi chopanda mitundu musamayang'ane kuda, muziyang'ana kunyezimira. Jombo yomwetsedwa mafuta yokhala ndi mnofu kunja sibweza kuwala, imaoneka yofwifwa. Yodetsedwa ndi kupukutidwa imakhala ndi kamzere kowala pa chala ndi pa msongolo. Yerekezaninso ndi chinthu chimene mukudziwa kuti ndi chakuda pa chithunzi chomwecho, monga mlomo wa kapusi ya ofesala.

Zithunzi zopakidwa mitundu ndi kompyuta zimene zadzaza pa Facebook musazitenge ngati umboni ngakhale pang'ono. Wopakayo amangoganizira, ndipo nthawi zambiri chimene chada pa chithunzi amachisiya chakuda. Zithunzi zenizeni zamitundu zilipo, za njira ya Autochrome imene abale a Lumière anayamba kugulitsa mu 1907, ndipo zambiri za nkhondoyi ndi za asilikali a France. Nazonso mitundu yake ndi yofatsa kusiyana ndi mmene zinthu zinalili, koma chakuda ndi chabulauni zimasiyanitsika.

Mfufuti:
Ndiwonjezere pa zimene mayi anenazi, chifukwa msampha wachiwiri ndi zida zenizeni zakale. Munthu amapita ku Imperial War Museum ku London, kapena amaona zithunzi za zosungidwa ku Bayerisches Armeemuseum ku Ingolstadt, naona thumba la 1909 lili lodera pafupifupi lakuda, n'kumati umu ndi mmene linalili. Ayi. Thumbalo lakhala zaka zoposa 100 likumwa mafuta, dzuwa, utsi ndi thukuta la m'manja. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa chimada chaka ndi chaka, sichibwerera m'mbuyo. Mtundu wake woyamba umapezeka pobisika: pansi pa chivundikiro, mkati mwa lupu yolowetsamo lamba, kuseri kwa lilime la lamba pamene chitsulo chinkaphimba. Pamenepo mupeza chikopa chowala, chachikasu mofiirira. Msilikali wa 1914 anali ndi zida zatsopano kapena za zaka zochepa. Mtundu umene mukuufuna uli pakati pa tiyi wamkaka ndi tiyi wopanda mkaka, malinga ndi miyezi imene mukuti msilikali wanuyo wakhala kunkhondo.

Tsono za kugula. Langizo langa ndi limodzi: gulani chosapaka kanthu, chofufutidwa ndi makungwa, chimene ogulitsa amati veg tan. Chowala mutha kuchidetsa tsiku lililonse, koma chakuda simungachibwezenso kukhala chabulauni. Chabulauni cha ku fakitale nthawi zambiri chimakhala chofiira mopitirira, ndipo pamwamba amachimata ndi kapulasitiki konyezimira kamene kamakana mafuta.

Vuto lalikulu ndi lakuti zambiri zotchipa ndi zofufutidwa ndi mankhwala a chrome, osati makungwa. Kufufuta ndi chrome kunalipo kale nthawi ya nkhondoyi ndipo nsapato zina zinkapangidwa nacho, koma malamba ndi matumba anali a makungwa. Kuzindikira kwake nkosavuta. Dulani kachidutswa pobisika muone m'mphepete: cha chrome pakati pake pamakhala potuwa mwamtambo, cha makungwa chimakhala chofiirira mpaka mkati. Donthezani madzi: cha makungwa chosapaka chimamwa n'kuda pomwepo. Ponyani kachidutswa m'madzi owira: cha makungwa chimakwinyika n'kuuma gwa, cha chrome sichisintha kwenikweni. Mukatentha kachidutswa ka chrome phulusa lake limabiriwira. Kukhuthala kwake, lamba akhale mamilimita 3.5 mpaka 4, matumba 2 mpaka 2.5. Chopyapyala kuposa apo thumba limafwafwanyika mukangoikamo zolemera.

Chiwaya14:
A Mfufuti, tiyerekeze kuti munthu wapeza cha makungwa chosapaka. Ayambire pati kuti afike pa bulauni wa 1914?

Mfufuti:
Utoto asaugwire kaye. Asilikali sankapaka utoto wabulauni, mtunduwo unkabwera ndi mafuta ndi dzuwa, ndiye inunso tsatani njira yomweyo.

Pukutani chikopacho ndi kansalu konyowa pang'ono kuti fumbi lichoke, chiume pamthunzi. Kenako chiyanikeni padzuwa maola awiri kapena atatu patsiku kwa masiku angapo, mukuchitembenuza. Tsegulani zivundikiro ndi kumasula malamba onse, chifukwa pamene paphimbika pamatsala chidindo choyera chimene sichidzafanananso ndi pena ponse. Dzuwa la masana a mwezi wa Okutobala limaumitsa chikopa, bola la m'mawa.

Mtundu ukayamba kusintha, pakani mafuta a neatsfoot, ochokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe. Onetsetsani kuti pa botolo palembedwa pure. Olembedwa compound asakanizidwa ndi mafuta a mumgodi. Nyowetsani kansalu, osati kuthira pa chikopa, ndipo pakani mopyapyala mofanana paliponse. Dikirani maola 24. Poyamba pamaoneka mawangamawanga akuda, musachite mantha, mafutawo amayenda okha n'kufalikira. Mukaona kuti sichinafike, pakaninso kamodzi. Kawiri kapena katatu nkokwanira. Mukapitirira, chikopa chimalefuka, lamba amatanuka akanyamula matumba, mabowo amakula, ndipo mafuta amatulukira pa yunifolomu n'kusiya mzere umene suchapika. Mafuta ophikira ayi, amavunda, amanunkha, ndipo amaitana makoswe ndi mphemvu.

Pomaliza ndi dabini, phala lamafuta lofewetsa chikopa ndi kuchitchinjiriza ku madzi, makamaka pa jombo. Mutha kupanga nokha: magawo awiri a mafuta a ng'ombe osungunula ndi kusefa bwino opanda mchere, gawo limodzi la neatsfoot, ndi theka la gawo la phula la njuchi. Sungunulani m'chitini choimika m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni. Akazizira, tikitani ndi zala pa mbali ya mnofu mpaka ubweyaubweya uja ugone. Jombo imada kwambiri ndi dabini, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pali chinthu china chimene ogula kuno kum'mwera kwa Africa ayenera kudziwa. Zikopa zambiri za makungwa za kuno zimafufutidwa ndi makungwa a mtengo wa wattle, umene South Africa imalima kwambiri. Chikopa cha wattle chimayamba chotuwa mofiirira ndipo padzuwa chimapita kofiira. Cha makungwa a oak, amene ku Ulaya ankagwiritsa ntchito kwambiri, chimapita kwachikasu. Ngati chanu chikufiira mopitirira, chepetsani dzuwa, mafuta ndiwo agwire ntchito yambiri.

Msoki wa Malamba:
Zoona zimenezo. Koma mtundu wa chikopa ukhoza kukhala wolondola, chonsecho chinthu n'kuonekabe chabodza chifukwa cha ulusi ndi zitsulo. Ulusi wa nthawi imeneyo unali wa linen wopaka phula, woyera moderako, ndipo unkada pamodzi ndi chikopa. Wa nayiloni sumwa bwino mafuta kapena utoto. Mudzadetsa thumba lonse koma misoko idzatsala ikuwala mbee, kuonekera patali. Yesani ndi machesi kansonga ka ulusi: nayiloni amasungunuka n'kupanga kampira, linen amapsa n'kukhala phulusa. Ngati ndi nayiloni, somolani musokenso ndi singano ziwiri, kutsata mabowo omwewo.

Zitsulo nazo zimayenda ndi chaka. Chomangira lamba cha Prussia, dera lalikulu la Germany, cha 1914 chinali cha bulasi chokhala ndi kambale koyera pakati, kolembedwa Gott mit uns. Kuyambira 1915 bulasi atayamba kusowa, zinkapangidwa ndi chitsulo chopaka penti wotuwa. Chomangira chabulasi pa lamba wakuda ndi chotheka, chifukwa zakale zinkagwirabe ntchito. Koma chachitsulo chotuwa pa msilikali wa Ogasiti 1914 sichingatheke, chinali chisanapangidwe. Onaninso dera: a ku Bavaria chawo chinalembedwa In Treue fest, a ku Württemberg Furchtlos und trew, a ku Saxony Providentiae memor.

Chenjezo kwa osoka: chikopa cha makungwa chikanyowa n'kukhudzana ndi chitsulo chimada pomwepo. Msomali, waya, ngakhale fumbi la chitsulo patebulo, zimasiya madontho akuda pa chikopa chimene mumafuna chikhale chabulauni. Madontho amenewa amachoka ndi oxalic acid, supuni yaing'ono imodzi mu theka la lita ya madzi ofunda, kupukuta chidutswa chonse osati padontho pokha, kenako kupukutanso ndi madzi oyera. Ndi poizoni, valani magolovesi.

Kapolo wa Mzere:
Nanga wakuda wa 1916? Ena amati viniga ndi waya wotsukira mapoto, ena amati polishi basi.

Mfufuti:
Kuda kumene a Msoki akukuchenjezaniko ndi komwenso timagwiritsa ntchito tikafuna kudetsa. Chitsulo chikakumana ndi tanini, mankhwala a m'makungwa amene amafufuta chikopa, chimabala utoto wakuda mkati mwa chikopa momwemo. Ofufuta akale ankadetsa ndi mchere wa chitsulo m'njira yomweyi.

Kapangidwe: tengani waya wotsukira uja, steel wool, wosalala kwambiri mpukutu umodzi, mutsukeni ndi sopo kuti mafuta a ku fakitale achoke, muduleni tizidutswa, muike m'botolo lagalasi ndi lita imodzi ya viniga woyera. Chitsekerero musamange, kapena chiboolani, chifukwa mumatuluka mpweya umene ungaphulitse botolo, ndipo mpweyawo umayaka, musaike pafupi ndi moto. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri sefani ndi kansalu. Madziwo saoneka akuda, koma pa chikopa cha makungwa amadetsa m'mphindi zochepa. Chikangotuwa osada, ndiye kuti tanini ndi wochepa: pakani kaye tiyi wakuda wowirira kwambiri, chiume pang'ono, mubwerezenso. Cha wattle chimada mobiriwirako poyamba, koma mafuta amamaliza. Pa chrome sipachitika chilichonse.

Mukamaliza chotsani asidi. Sungunulani supuni yaikulu imodzi ya soda wophikira mu lita ya madzi, pukutani nawo mwachangu, kenako madzi oyera. Musanyike nthawi yaitali, soda wambiri amawotcha chikopa n'kuchichititsa kuthetheka. Chiume pamthunzi, ndipo chisanaumiretu pakani neatsfoot. Mukadumpha mafuta, pakapita miyezi chidzang'ambika popindika. Fungo la viniga limatha pakapita masiku.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Pamenepa ndisiyane nanu pang'ono a Mfufuti. Njira yanuyo ndi yabwino pa chinthu chimene chinachoka ku fakitale chili chakuda kale, monga zikopa za France za 1914. Koma zambiri za Germany za 1916 zinali zabulauni zakale zimene asilikali anazidetsa okha atalamulidwa. Zinali zitamwa kale mafuta, ndipo ankapaka zodetsera pamwamba pokha. Mukaona zenizeni, kunja nkwakuda koma mkati mwa lamba ndi kuseri kwa matumba ndi kwabulauni, ndipo m'makona, m'mphepete mwa zivundikiro ndi pamene kalamba kamakoleka pa kamsomali, bulauni amasuzumira. Munthu akanyika thumba lonse m'viniga uja, limada mbali zonse mpaka mkati, ndipo silidzaperepeseka n'kuonetsa bulauni. Limaoneka bwino, koma si mmene zambiri zinalili.

Mfufuti:
Mwanena zoona aphunzitsi, ndipo njira ziwirizi sizilimbana. Wofuna za ku fakitale apake viniga uja ndi kaburashi mbali yakunja yokha, mopyapyala, asanyike. Wofuna zodetsedwa kunkhondo ayambe wafikitsa chikopa pa bulauni monga tafotokozera, achivale kangapo, kenako apukute pamwamba ndi spiriti kuti mafuta apamwamba achoke, apake utoto wakuda wa zikopa wosungunula theka ndi theka ndi spiriti kamodzi kokha, ukauma apukute ndi nsalu youma mpaka nsaluyo isiye kuda, amalize ndi polishi wakuda. Kupukutako musakuchepetse. Utoto wotsala pamwamba ndi umene umadetsa jekete m'chiuno thukuta likabwera. Viniga pa chikopa chomwa kale mafuta sagwira bwino, amasiya mawanga.

Sajeni wa Gulu:
Za Britain sizinakambidwe, ndipo kumeneko anthu amasokonezeka m'njira ina. Msilikali wokhazikika amene anapita ku Mons mu 1914 analibe zikopa zambiri. Zonyamulira zake zinali za nsalu yolimba yolukidwa, za mtundu wa 1908. Chikopa chinali pa nsapato ndi kalamba ka pachipewa. Nsapatozo zinali zabulauni zomwetsedwa dabini. Zakuda zonyezimira zokhala ndi chigamba pa chala zimene anthu amazidziwa ndi za nkhondo yachiwiri, ndipo kuzivala pa chionetsero cha 1916 ndi cholakwika chimene chimaoneka msanga kuposa china chilichonse.

Anthu ongodzipereka kulowa usilikali poitanidwa ndi Kitchener, nduna ya zankhondo ya Britain, atachuluka, mafakitale a nsalu ija analephera kukwaniritsa, ndiye kunabwera zonyamulira zachikopa za mtundu wa 1914. Lamba wake amamangidwa ndi kachitsulo kopindika ngati njoka, matumba ndi awiri, lililonse zipolopolo 50, pomwe zikwama zinatsala zansalu zokhala ndi timalamba tachikopa. Zoyambirira zinapakidwa mtundu wa khaki wobiriwirako kuti zifanane ndi yunifolomu, koma posakhalitsa anasintha n'kukhazikika pa bulauni wotchedwa London brown. Zambiri zinasokedwa ku America, ndiye mitundu sinali yofanana ndendende. Ankati zikhala zophunzirira, koma magulu ambiri anapita nazo kunkhondo. Kwa woyerekeza wa 1915 kapena 1916, bulauni wapakatikati wosanyezimira kwambiri ndiye wosakayikitsa. Pano utoto ndi wololedwa, chifukwa izi zinkachoka ku fakitale zili ndi mtundu kale. Sungunulani utoto wabulauni gawo limodzi mu magawo atatu a spiriti, yesani pa kachidutswa, ndipo muime mtundu usanafike pamene mukufuna, chifukwa mafuta adzauwonjezera.

Palinso za 1903, lamba wa pachifuwa wa timatumba tisanu, kalikonse zipolopolo 10, ndi wa okwera pamahatchi wa timatumba 9. Zimenezi ndi zabulauni. Ankavala a mizinga, a mahatchi ndi oyendetsa ngolo.

Maofesala ankagula okha zovala zawo kwa osoka, choncho lamba wa Sam Browne wokhala ndi kalamba kodutsa paphewa, jombo ndi chikwama cha pisito zinkasiyana munthu ndi munthu, kuyambira bulauni wowala mpaka wofiira modera, ndipo zinkapukutidwa mpaka kunyezimira. Ofesala yekha ndiye anyezimire. Msilikali wamba wa m'ngalande akanyezimira chimodzimodzi ndiye kuti china chalakwika.

Mayi wa Zithunzi:
A Sajeni, funso limene limagawanitsa magulu ndi ili: kodi zonse pa thupi la munthu mmodzi zifanane mtundu, ndipo anthu onse pamzere afanane?

Sajeni wa Gulu:
Zimatengera chaka, mayi. Mu 1914 gulu linkatuluka m'kampu ndi katundu wa m'sitolo imodzi, wosamalidwa mofanana, ndiye kusiyana kukhale kochepa. Pofika 1916 ndi 1917 munthu ankalandira thumba latsopano m'malo mwa lotayika, lamba ali wakale. Msilikali wa France wa 1915 wokhala ndi lamba wakuda ndi matumba a fauve ndi woona. Koma kusakaniza kukhale ndi chifukwa. Chinthu cha chaka cham'mbuyo chikhoza kupezeka m'chaka cham'tsogolo, cham'tsogolo sichingapezeke m'mbuyo. Ndipo pamzere wa anthu khumi, wosiyana akhale mmodzi kapena awiri. Aliyense akafuna kukhala wapadera uja, mzere wonse umaleka kuoneka ngati gulu la nkhondo. Gulu ligwirizane chaka, mwezi ndi malo, lisankhe kachidutswa kamodzi ka chikopa kokhala muyezo, aliyense azifananiza zake ndi kameneko padzuwa, osati pa foni. Foni iliyonse imaonetsa bulauni wakewake.

Msoki wa Malamba:
Ndipo chonde tisamakalambitse zinthu dala. Kukwecha ndi sandipepa, kuwotcha m'mphepete, kupinda mpaka chikopa ching'aluke, zonsezo zimapanga chinthu chooneka cha zaka 100, pomwe msilikaliyo anachilandira miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ndipo sajeni wake ankachiyendera. Ikani zolemera m'matumba, monga timatabwa todula pa saizi ya zipolopolo tokhala ndi chitsulo chokulungidwa bwino, muvale, muyende nazo, mvula ikugwereni, muumitse pamthunzi, mupake dabini. Makwinya amabwera pamalo pake okha.

Chiwaya14:
Kwa ife a kuno ambiri angafune kuyerekeza nkhondo ya Chiwaya, dzina la nkhondo yomweyi kuno kwathu, imene agogo athu a Keyala (King's African Rifles) ndi atengatenga anaiona. Malamulo a ku Ulayawa akugwiranso ntchito kumeneko?

Mphunzitsi wa Mbiri:
Osati onse, ndipo apa ndi pamene munthu wongokopera za ku Ulaya amalakwitsa. Asikari a Schutztruppe, gulu la nkhondo la Germany kum'mawa kwa Africa, amene anamenyana ndi a King's African Rifles ku Karonga pa 9 Seputembala 1914, ankavala khaki ndi zikopa zabulauni. Lamulo lodetsa la 1915 linali la asilikali a yunifolomu yotuwa ku Ulaya. A Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa Schutztruppe, anali otsekeredwa ndi zombo za Britain, katundu wochokera kwawo ankafika mwa apo ndi apo, moti anayamba kufufuta okha zikopa za ng'ombe ndi za nyama zakutchire pogwiritsa ntchito makungwa a mitengo ya mangrove ya kugombe. Makungwa amenewa amapereka chikopa chofiira modera, ndiye pano chikopa cha wattle chofiira chija chikukwanira bwino kuposa cha ku Ulaya. Kumapeto, mpaka pamene anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, ambiri ankavala ndi kunyamula zolanda kwa a Britain ndi a Portugal, choncho kusakaniza kumeneko nkoyenera kuposa kwina kulikonse.

Samalani kuti thumba ligwirizane ndi mfuti. Asikari ambiri anayamba nkhondo ndi mfuti yakale ya Mauser ya 1871, ya zipolopolo zazikulu za mamilimita 11 zotulutsa utsi. Matumba a zipinda zitatu a 1909 anapangidwira zipolopolo za mfuti ya 1898.

Kumbali ya Keyala, amene mabataliyoni ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland, zachikopa za 1903 ndi zabulauni monga a Sajeni anenera, ndipo nkhondo ili mkati zansalu za 1908 zinafalikira. Nsapato musathamangire kugula. Asilikali ambiri a Keyala nthawi imeneyo ankayenda opanda nsapato kapena ndi nkhwaira, miyendo atakulunga nsalu. Jombo zakuda za masiku ano pa msilikali wa 1915 zimawononga zonse zimene mwavutikira.

Mfufuti:
Dzuwa ndi thukuta la kuno zimadetsa chikopa msanga kuposa ku Ulaya, ndiye wa Keyala kapena wa Schutztruppe bulauni wake akhoza kuderapo ndithu. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi dzinja. Chikopa chomwa mafuta a nyama chimachita chuku msanga m'nyengo yamvula, ndipo chuku chikakhalitsa chimasiya madontho amene sachoka pa bulauni wowala. Musasunge m'jumbo kapena m'sutikesi yotseka. Kolekani pamalo podutsa mphepo, kutali ndi khoma lonyowa, ndipo muziziyendera sabata iliyonse. Chuku chikangoyamba, tulutsani panja, chotsani ndi burashi youma, pukutani ndi spiriti wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, chiume pamthunzi, mupake mafuta pang'ono pokha.

Zabulasi zimene zakhudzana ndi chikopa chamafuta zimatulutsa phala lobiriwira m'mbali mwa marivete ndi zomangira. Lichotseni ndi kamtengo kosongola musanapake china chilichonse, chifukwa likapakika pa chikopa limasiya banga. Zomangira zochotseka zichotseni posunga. Zikanyowa pa chionetsero, ikani mapepala m'jombo ndi m'matumba kuti zisapindike, ndipo musaziyandikize ku mbaula kapena kuziika pa malata otentha. Chikopa cha makungwa chonyowa chikatenthedwa chimakwinyika n'kuuma ngati thabwa, ndipo palibe mafuta amene angachibwezere.

Kapolo wa Mzere:
Funso lomaliza kwa ine. Amene anagula kale chabulauni cha ku fakitale chonyezimira chija, achitaye?

Mfufuti:
Ayese kaye podula ngati ndi cha makungwa. Ngati ndi choncho, apukute ndi acetone pa kansalu koyera, panja, kutali ndi moto, kagawo kamodzi pa nthawi, akusintha kansaluko kakada. Kapulasitiki kaja kakachoka, dontho la madzi liyamba kulowa. Kufiira kwina kumachoka nako, kotsalako kumafatsa ndi neatsfoot, amene ndi wofunika msanga chifukwa acetone amaumitsa chikopa. Chikakhalabe chofiira mopitirira, chidetseni chikhale cha Germany cha 1916. Ngati ndi cha chrome chopaka penti pamwamba, acetone angochotsa pentiyo n'kusiya chotuwa, ndiye bola kuchisiya mmene chilili chikhale chobwereketsa kwa obwera kumene, inu n'kusoketsa china.